Chilembwe wa M'buku la Mwase

Wophunzira wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amadziwa pamtima kuti dziko lino lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo nkhope ya John Chilembwe amaiona pa ndalama. Koma ndi ochepa amene adamvapo za buku la George Simeon Mwase lotchedwa Strike a Blow and Die, lomwe lidalembedwa m'ndende ya Zomba cha m'ma 1932 ndi kusindikizidwa mu 1967. M'ndendemo Mwase adapezana ndi Wallace Kampingo, mmodzi wa otsatira a Chilembwe, ndipo zambiri adazimva kwa iyeyu.

Ubwino wa bukuli ngwakuti mwini dziko ndiye akusimba, pa nthawi imene atsamunda ankangomutcha Chilembwe chigawenga. Mwase akumuonetsa ngati mbusa wopsa mtima ndi thangata wa m'minda ya A. L. Bruce, komanso ndi kutengedwa kwa Aafirika kukafera nkhondo ya azungu ya 1914.

Pamene mlembiyu akuterereka mpa cholinga cha nkhondoyo. Iye akuti Chilembwe adadziwiratu kuti sangapambane, adangofuna kumenya kamodzi ndi kufa kuti boma ligalamuke, ndipo akumufanizira ndi John Brown wa ku America. Ganizoli ndi lokoma m'khutu, koma zomwe zidachitika muno m'Blantyre zikulitsutsa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene gulu lina linkapha William Jervis Livingstone ku Magomero, gulu linanso lidanyamuka ku Mbombwe kudzathyola nyumba yosungiramo zida ku Mandala. Lidangopata mfuti zowerengeka, ndipo ena mwa iwo adagwidwa ndi kuphedwa. Kodi munthu wongofuna imfa amayenda mtunda wonsewo kusaka mfuti ndi zipolopolo? Nanga adapanganiranji ndi Filipo Chinyama kuti ku Ntcheu nako kuwukire, ndi kutumiziranji kalata kwa Ajeremani? Awa ndi makonzedwe a munthu amene ankayembekeza kulanda dziko.

Tisaiwalenso kuti Kampingo ankasimba patatha zaka zoposa 15, atagonja, ali m'manja mwa omwe adamugonjetsa. Wogonja savutika kunena kuti kugonjako adakufuna yekha.

Chinanso chimene Mwase akuchidutsa msanga ndi Mitsidi, kufupi ndi Chilomoni, kumene Chilembwe adaphunzira kwa Joseph Booth asanapite naye ku America mu 1897. Mutu umenewu wophunzira wa ku Chilomoni adzaupeza wokwanira m'buku la George Shepperson ndi Thomas Price, Independent African, la mu 1958.