BUKU LA MUNTHU AMENE SANACIRE

Tawerenga buku la Cingerezi lochedwa "Joni," limene mai wa ku America, Joni Eareckson, analemba caka ca 1976. Ndipo tifuna kuliyesa pamaso pa abale athu a kuno ku Mlangeni, popeza m'midzi mwathu muli nyumba zambiri zokhala ndi wodwala wosadzuka, ndipo ife tikalowamo tisowa ponena.

Nkhani yace ndi iyi. Pa 30 July 1967, ali namwali wa zaka 17, anapita ndi mbale wace kukasambira ku Chesapeake Bay. Analumphira m'madzi camutu, osadziwa kuti pamenepo mposaya, nagunda pansi, nathyoka khosi. Ndipo kuyambira m'mapewa kufikira kumapazi thupi lace linafa ziwalo. Cakudza siciyimba ng'oma. Anatha zaka ziwiri m'zipatala, naturukamo ali pa cikuku. Ndipo mu 2017 zinakwana zaka 50 akali pomwepo.

Coyamba cimene titama m'bukuli ndi cakuti mlembi sabisa kanthu. Anena za tsiku lija anapempha kalirole, naona nkhope yace itaonda ndi maso atalowa, napempha bwenzi lace kuti limthandize kufa. Anena za mkwiyo wace pa Mulungu. Iye anali atabvomereza Ambuye kale, monga acita ana athu a m'kalasi, koma cikhulupiriro cace cinali cisanayesedwe. Ndipo pamene cinayesedwa cinagwa. Kudzuka kwace sikunadza tsiku limodzi iai. Kunadza pang'ono pang'ono, mwa anzace amene sanaleke kumcezera, makamaka mnyamata wina, Steve Estes, amene anali kukhala naye ndi kumtsegulira Mau masabata ambiri. Pakati pa izi anaphunzira kujambula zithunzi atagwira colembera ndi mano.

Tsono apa ndi pamene bukuli litidzudzula ife. Maumboni amene timva m'mapemphero athu ayenda njira imodzi: ndinadwala, anandipempherera, ndinacira. Sitiwanyoza konse, pakuti Mulungu aciza ndithu. Koma uja anapemphereredwa osacira alibe malo oimirira. Atsala kunyumba, ndipo kunja anthu anong'onezana, ena kuti pali cimo lobisika, ena kuti pali munthu anamcita cipongwe, ena kuti cikhulupiriro cace ncocepa. Ngakhale buku la Yobu tiliwerenga motero: tithamangira ku mutu 42 kukawerenga ng'ombe ndi ngamila zobwezedwa kawiri, ndi kuiwala kuti abwenzi aja anacita bwino masiku asanu ndi awiri pamene anakhala cete, nalakwa pamene anayamba kufunafuna cimo la wodwalayo. Paulo naye anapempha katatu kuti munga wace ucoke, ndipo sunacoke. Joni aima pa mzere umenewu. Ciyembekezo cace cinabwera miyendo isanabwere, ndipo miyendoyo sinabwera konse.

Koma sitingati bukuli liribe cirema. Linalembedwa m'dziko la cuma, ndi mwana wa banja lokhala ndi munda waukuru ndi akavalo, wokhala ndi cikuku cace ndi galimoto lomnyamula. Taganizani za mnyamata wathu wakugwa pa njinga yamoto pa mseu wa pakati pa Lizulu ndi Ntcheu, kapena agogo amene afa mbali imodzi usiku. Awatengera ku cipatala ca pa boma. Wamwai afika ku Kachere ku Blantyre, kumene aphunzitsa opuwala kudzithandiza. Koma pambuyo pace onse abwerera ku mphasa, m'cisanu ca June ca kuno kumapiri. Munthu wotere akapanda kutembenuzidwa maora awiri ali onse, aturuka zironda za pogona, ndipo zironda zimenezi zipha. Amtembenuza ndani, pamene mai wace ayenera kukapalira kacewere? Za kutopa kwa osamalira wodwala bukuli linena zocepa, ndipo ife tikadakonda kumva zambiri kwa abale aja amene anamsambitsa ndi kumdyetsa zaka zonsezo.

Cina cotibvuta ciri kumapeto. Zithunzi zace zichuka, iye aonekera pa wailesi ya kanema, makamu amva umboni wace; ndipo wowerenga angayese kuti bvuto la munthu likhala ndi tanthauzo pokhapo litabala kuchuka. Sitikhulupira kuti mlembi anafuna kunena cimeneci, koma masamba otsiriza apendekera komweko. Wodwala wathu wa kuseri kwa phiri sadzachuka. Adzamdziwa ndi a m'nyumba mwace ndi mkuru wa mpingo wa pa mudzi.

Cifukwa cace tipempha aphunzitsi ndi amai a Cigwirizano amene adziwa Cingerezi, kuti akalipeza bukuli asalitenge ngati mkwapulo, ndi kumuuza wodwala kuti aone mzace wa kutsidya kwa nyanja akondwa. Akamfotokozere m'cinenero cathu, ayambire pa kalirole paja, naimire pomwepo tsiku loyamba, kuti wodwala anene zace. Ndipo apite awiri awiri: wina afotokoze, wina atenge mtsuko wa mai wa pa nyumbayo kunka nao kumadzi.