Mudzi wa Manambala

Pamene tinakwera chitunda cha Thabwa, kusiya kutentha kwa chigwa chathu m'mbuyo, mitima yathu inali pa Lilongwe, mudzi waukulu umene unalandira ulikulu kuchokera ku Zomba m'chaka cha 1975. Ndipo tisaname, abale, zomangamanga zake n'zokoma m'maso. Nyumba za boma pa Capital Hill zakhala motakasuka pakati pa mitengo; Nyumba ya Malamulo, imene anaimanga Atchaina naitsegula mu 2010, ili ndi ulemu wake; ndipo pa manda a Kamuzu Banda munthu avula chipewa wosauzidwa.

Komatu chinthu chimodzi chinatiwawa. Titafunsa njira kwa mnyamata wa kabaza, iye anati, "Bambo, mukupita ku 18 kapena ku 47?" Pakuti amene analemba mudziwu papepala anagawa dziko nalipatsa manambala, monga achitira wowerenga matumba a thonje pamsika. Nambala siikumbutsa munthu kanthu. Kuno kwathu mukatchula Khulubvi, ngakhale mwana adziwa kuti mwanena za Mbona ndi mvula. Mukatchula Mbewe, akumbukira Lundu.

Kodi tinene kuti Lilongwe alibe mbiri? Iai ndithu. Azungu anakhazika boma lawo m'dziko la mfumu Njewa mu 1904. Koma kale lomwe, iwo asanadze, ku Msinja, patsinde pa mapiri a Dzalanyama, kunali kachisi wa Makewana, kumene Achewa ankapempha mvula. Komweko pa Kaphirintiwa makolo ankaloza mapazi pathanthwe, nati ndipo anatsikira anthu oyamba. Ife a mpingo sitithira nsembe kumeneko, inde. Koma kusapembedza ndi kwina, kuiwala ndi kwinanso. Tinayenda tsiku lamphumphu pakati pa nyumba zosanja zija, ndipo sitinaone chikwangwani ngakhale chimodzi cholozera mlendo ku Msinja.

Maina tinawapeza kumene kuli fumbi ndi mbaula: Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Chinsapo, Mtandire. Kumeneko anthu wamba aitanabe malo awo ndi lilime la makolo, chinkana papepala la boma alembedwa mwina.

Ana athu ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa ali kumeneko pa ntchito. Mmodzi amene tinamphunzitsa tokha anatilandira bwino, natiphera nkhuku. Tinafunsa kamwana kake kuti kwawo n'kuti. Kanayankha mosakayika kuti ku 25.