Pepala Losatchula Mwana

Pepalalo analing'amba m'kope la mwana wasukulu, ndipo lapindidwa kanayi mpaka m'mapindiro mwada ndi thukuta la m'manja. Ndinalipeza m'buku la kusikelo la alamu anga, akazi a achimwene, tsiku limene anandituma kuti ndiwaonere deti la katemera. Nditapempha kuti ndipite nalo anaseka. "Alamu, nanga chimenecho n'chowerenga?" Kuyambira tsikulo ndaliwerenga kambirimbiri, ndipo ndikuti n'chowerenga ndithu.

Lili ndi mizere 15. Yapamwamba ndi ya bolopeni: zitenje 6, beseni, pepala lakuda, lezala latsopano, ulusi, sopo, tochi, chipewa ndi masokosi, ndalama yoyendera. Kenako pali kampata, ndipo m'munsi mwake dzanja lomwelo likupitiriza ndi pensulo: kupaka laimu, kusoka katani, kudula matewera, kukhoma msomali, kuluka china, mbalame.

Amene anakhalako pabenchi la sikelo ya amayi oyembekezera alizindikira gawo loyambalo. Ndi zimene anamwino amatchula m'mawa asanayambe kuyeza, amayi n'kumalemba atatsamiritsa pepala pabondo. Kwina zitenje amati zinayi, kwina amawonjezapo ndowa kapena kandulo, koma msana wake ndi womwewu. Pamenepa alamu anangokhala mlembi. Gawo la pensulo ndilo lawolawo.

Chimene chinandiimitsa poyamba ndi chimene palibe. M'mizere yonse 15 mulibe mawu akuti mwana. Chipewacho n'cha yani? Pepala silikunena. Munthu atalitola pamsewu, theka lapamwambalo akhoza kuliyesa la mayi amene akupita kukagona kumaliro, kapena kukadikirira wodwala kuchipatala: chitenje, beseni, sopo, tochi, kandalama kam'thumba.

Kusatchulaku si kuiwala. Chichewa chonse cha uchembere chimayenda mozemba. Pagulu sitinena kuti uje ali ndi mimba. Timati ali ndi pakati, ndi woyembekezera, ngakhalenso kuti ngodwala. Tsiku likakwana amakachira, ndipo zikayenda bwino uthenga umene umafika kumudzi ndi woti achira. Wobadwayo ndi mlendo, ndipo wofuna kudziwa ngati ndi mnyamata kapena mtsikana amafunsa kuti ndi mphatso yanji. Amene anati mlendo ndi mame ankanena za munthu wodzacheza, kuti usatope naye pakuti sakhalitsa, koma tauikani mwambiwo pambali pa khanda la masiku awiri mumve kuzizira kwake. Agogo athu anataya ana ambiri asanatuluke n'komwe m'chikuta, ndipo anaphunzira kusawerengera chimene sichinafike m'manja. Mpaka lero alipo apongozi amene akaona kamalaya ka khanda kali pachingwe mwini wake asanabadwe amakaanula mwakachetechete n'kukalowetsa m'nyumba. Ena amati n'kuitana tsoka, ena amati n'kuonetsera adumbo. Ine ndimaona ngati mwambowu umatchinjiriza mtima wa mayi, kuti akabwerako chimanjamanja asalowe m'nyumba yodzaza ndi tinthu tomuyang'ana.

Tsono taonani kuchenjera kwa mndandandawu. Pafupifupi chilichonse chimene chili pamenepo chili ndi pothawira. Beseni likhoza kukhala lochapira. Ulusi ndi wa aliyense amene batani linamuthothokera. Mayi angagule zonsezi pamsika dzuwa likuswa mtengo, aneba akuona, popanda wonena kuti wayamba kudzitama.

Chitenje chalembedwa koyamba, ndipo ndi chokhacho chimene chili ndi nambala. M'pake. Pa intaneti ndi m'magazini a ku Ulaya ndi ku America timaona chipinda chapadera cha khanda: kabedi ka mipiringidzo, khoma la pinki kapena la buluu, dzina la mwana litapachikidwa kale pamwamba ndi zilembo zamatabwa iye akadali m'mimba. Kuno chipinda chimenecho ndi nsalu ya mamita awiri, ndipo chimayenda. Chitenje china chimayalidwa pamwamba pa pepala lakuda lija, china chimapukuta khanda likangotuluka, china chimalifunditsa, china amavala mayi potuluka. Pakapita masabata chomwecho chasanduka mbereko, pamaliro chasanduka mphasa, dzuwa likakula chasanduka denga. Palibe amene amachidula. Nsalu yosadula sinalonjeze kanthu kwa aliyense, ndipo mwina n'chifukwa chake ngakhale apongozi okhwima malamulo sailetsa.

Achipatala nawo anafika poivomereza nzeru imeneyi. Njira ya kangaroo, yomangirira khanda lobadwa masiku asanakwane pachifuwa cha mayi, khungu kukhudza khungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, kumene makina ofunditsira ana ankaperewera. Kuno inayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo chomangira chake ndi chitenje chomwechi. Lipoti la padziko lonse la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 pa 100 alionse. Ukadziwa zimenezi, mzere wa chipewa ndi masokosi umasiya kuoneka ngati wa zokongoletsa. Khanda limabadwa lonyowa, mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndipo kutentha kumathawira pomwepo. Usiku wa mu Juni ku Dedza kachipewa kameneka ndi mankhwala.

M'gawo lonse la bolopeni, zinthu ziwiri zokha ndizo zafotokozedwa maonekedwe: pepala n'lakuda, lezala n'latsopano. Kuda kwa pepala sikufuna womasulira. Koma mawu akuti latsopano asenza katundu wolemera. Kumbuyo kwake kuli kafumbata, nthenda imene inkalowera pamchombo wodulidwa ndi lezala lometera ndevu kapena kabango kotola pansi, khanda n'kuuma nsagwada lisanathe sabata ziwiri. Mawu amodzi amenewa ndi chipsera cha maliro ambiri.

Komabe funso limabwera lokha. Chipatala chili ndi sizasi zake, nanga lezala ndi ulusi n'zachiyani? Boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, ndipo ngakhale Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho mu 2010, mafumu ambiri anapitiriza kulipiritsa mbuzi kapena nkhuku kwa wochirira pakhomo. Uthenga unali umodzi, wakuti aliyense akachirire kuchipatala. Koma pepalali likudziwa zimene uthengawo sunena: kuti matenda amatha kuyamba usiku mtsinje utadzaza, kuti ena amachirira panjira ali pakabaza kapena m'ngolo, kuti zipangizo zimatha, kuti magetsi amazima. Tochi ili pamenepo ngati mboni. Ku Finland boma linayamba mu 1938 kupereka katoni ya zovala ndi zofunda kwa amayi osauka, ndipo kuyambira 1949 aliyense wofika kusikelo msanga amailandira. M'katonimo mumakhala kamatiresi, kotero kuti katoniyo ndiyo imakhala bedi loyamba la mwana. Kumeneko mayi amapatsidwa katoni, kuno amapatsidwa mndandanda woti akadzaze yekha. Kale zinkandipsetsa mtima, ndipo sizinaleke, koma sindinganene kuti mndandandawo ukunama.

Tsikirani tsopano kupensulo. Chinenero chasintha. Pamwamba panali mayina a zinthu zogula, apa pali ntchito za manja: kupaka, kusoka, kudula, kukhoma, kuluka. Pamwamba ankauzidwa, apa akudziuza. Ndipo pensulo imafufutika. Sindikudziwa ngati bolopeni inangotha inki, koma ndimakonda kuganiza kuti dzanja linasankha lokha cholembera chimene chimalola kubweza mawu.

Nyumba yawo ndi ya lendi, chipinda ndi balaza, ku Bangwe. Chipinda cha mwana chimene ntchito zonsezi zinkakonza ndi ngodya ya pakati pa bedi ndi zenera, malo osakwana kuyala mkeka wonse. Laimu anamusankha chifukwa cha mtengo, koma anasankha bwino, pakuti penti wina wa mafuta amakhala ndi mtovu umene umawononga ubongo wa mwana, ndipo fungo lake limakakamira m'chipinda chopanda mpweya. Kumudzi mzere umenewu ukanalembedwa kuti kuzira: dothi la makande pansi, katondo wofiira m'munsi mwa khoma, mwinanso timizere ta phulusa tojambula ndi chala. Alandilodi ataona khoma layera anayamikira kuti anthu awo a lendi akukonzekera Khirisimasi. Palibe anawatsutsa. Pothawira paja pafikanso ngakhale m'gawo la pensulo.

Katani anasoka pamanja polumikiza zitenje ziwiri zakale, n'kupisa chingwe cha nayiloni m'mpendero wake. Chimodzi chinali cha chipani, cholandira pamsonkhano wa kampeni, ndipo nkhope ya mkulu wachipaniyo anaiyang'anitsa kukhoma mozondoka. Nditafunsa chifukwa anati, "Asayambe n'kuona andale." Matewera anadula ku nsalu yofewa ya pabedi yogula pakaunjika, anaiwiritsa kaye, ndipo m'mphepete anapinda kawiri kuti ulusi usamasomphoke pochapa. Msomali ndi wa neti imene analandira kusikelo. Pa ntchito zonse imeneyi yokha ndiyo inali ya achimwene, ndipo inatenga masabata atatu.

Mzere umene ndimaukonda kwambiri ndi wa mawu awiri: kuluka china. China chiyani? Galamala ndiyo ikuyankha. Mawu akuti china amayenda ndi dzina la gulu la chi-, ndipo papepala ponse mayina otere alipo awiri, chitenje ndi chipewa. Chitenje sachiluka ndi singano. Choncho pensulo yadumpha mizere isanu n'kukagwira chipewa chija chimene anamwino anatchula, popanda kuchitchulanso. Achipatala anapempha chimodzi, ndipo chimodzicho chinagulidwa kale pamsika, choyera, cha fakitale. Ichi chachiwiri palibe anachilamula. Ndinawapeza akuchiluka madzulo ena, ulusi wachikasu utakulungidwa kuchala, mpira wake uli m'kapu kuti usagubuduke pansi. Wachikasu, osati pinki kapena buluu, pakuti mphatso inali isanadziwike. Ankaluka mizere ingapo, n'kufumbata dzanja lamanzere, n'kuveka chibakeracho kachipewako, n'kuchitembenuza uku ndi uku ngati chikuwayang'ana. Atandiona pakhomo anabisa zonse pansi pa pilo, ngati mwana amene wapezeka akunyambita shuga.

Pamenepo ndi pamene pepalali layamba kulephera kusunga chinsinsi chake. Munthu sangaluke chipewa osaganiza za mutu. Amayenera kulingalira kukula kwake, kusiya malo a makutu, kufewetsa pamene padzakhudza liwombo. Mwana amene mizere 13 yakhala ikumuzemba ali m'mawu akuti china, ndipo ali ndi saizi.

Kenako mzere womaliza, wolembedwa ndi tizilembo tating'ono kuposa ina yonse, ngati munthu watsitsa mawu: mbalame. Palibe mneni. Sakuti kusoka mbalame kapena kupachika mbalame. Ndipo apa pothawira palibe. Beseni ungati n'lochapira, laimu ungati ndi wa Khirisimasi, koma timbalame tisanu ta nsalu sungatinamizire ntchito ina. Zigamba anakapempha kwa telala wa pakhonde la golosale, zotsala za madiresi a ukwati wa eni ake. Ankadula ziwiriziwiri motsata chithunzi chojambula pakatoni ya sopo, n'kusoka mozungulira, n'kutembenuza, n'kufutsamo tizidutswa ta nsalu ndi kamtengo ka machesi. Maso anali mfundo za ulusi wakuda, chifukwa mkanda kapena batani mwana akhoza kumeza. Kamodzi kanatuluka ndi mlomo wokhota, kofanana kwambiri ndi nsomba, koma sanakataye. Timitengo tiwiri ta nsungwi topingasa ndito tinali poti tilendewere.

Khanda longobadwa kumene limaona bwino zinthu za pamtunda wa masentimita 20 mpaka 30 basi, womwe ndi mtunda wochokera pabere kufika pankhope ya mayi wake. Mbalame zopachika kudenga, kutali ndi timanja monga ziyenera kukhalira, silizilabadira mpaka patapita masabata angapo. Ndiye m'masiku oyambawo, amene ankagona chagada pakati pa usiku n'kumaziona zikutembenuka ndi kamphepo ka pazenera anali alamu eni ake. Sindikunena izi mowaseka. Pa mizere 15, khumi ndi inayi ikukonzekera zoopsa, zonyowa ndi zozizira. Umodzi wokha ndiwo ukuyerekeza kuganiza za tsiku limene mwana adzakhala wokhuta, wouma, wopanda chomuvuta, akungofuna choyang'ana.

Mbalamezo sizinapachikidwe mwana asanabadwe. Zinakhala m'jumbo pansi pa sutikesi, pansi pa zitenje zisanu ndi chimodzi zija, ndipo zinapita nawo kuchipatala n'kubwerako osatulutsidwa. Zinatuluka tsiku limene mchombo unagwa. Amayi athu, omwe anabwera kuchokera kumudzi kudzasamalira chikuta, omwenso miyezi yonseyi ankadzudzula zogula tinthu msanga, ndiwo anakwera pampando n'kuzimangirira kumtanda wa denga. Ankadandaula kuti chingwe n'chachifupi, ndipo kansomba kaja anakaika pakati.

Mzere uliwonse papepalapo uli ndi kachizindikiro kochonga, kupatula womalizawo. Pobweza pepalalo ndinawafunsa alamu ngati anaiwala. Anali akuchapa matewera m'beseni lija, mwana ali kumsana akukoka duku. "Nanga yatha ntchito imeneyo, alamu? Pano wayamba kuimirira pabedi. Ziwiri wazidula kale mitu."