Zikhatho za Anthu Akuda: Nthano ya Honwana Tikaiwerengera ku Domwe

Mu 1964, Luís Bernardo Honwana, mnyamata wobadwa mu 1942, anatulutsa ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, buku la nthano 7 lochedwa Nós Matámos o Cão-Tinhoso. Caka comweco apolisi a PIDE anamugwira, ndipo anakhala m'ndende zaka zitatu. M'bukumo muli kanthano kochedwa As Mãos dos Pretos, kutanthauza manja a anthu akuda. Ndi kakafupi, mungakamalize madzi a nsima asanawire. Koma funso lake ndi lomwe likuphwasulabe mabanja kuno kwathu: maonekedwe a munthu amacokera kuti, nanga amatiuza ciyani za munthuyo?

Mnyamata wa m'nthanoyi akufuna kudziwa cifukwa cimene zikhatho za anthu akuda zili zoyera kusiyana ndi thupi lonse. Aliyense ali ndi yankho lake. Mphunzitsi akuti makolo a anthu akuda ankayenda manja ali pansi ngati nyama, ndiye dzuwa silinkafika kuzikhatho. Wansembe akuti ankangokhalira kupemphera mobisa atagundanitsa manja. Dona Dores akuti Mulungu anaziyeretsa kuti asamadetse cakudya ca mabwana awo. Senhor Antunes, wobweretsa Coca-Cola, akuti anaumbidwa ndi dothi n'kupacikidwa pa utsi, zikhatho n'kutsala zoyera poti ndizo anagwirira. Senhor Frias akuti anauzidwa kukasamba m'nyanja ya kumwamba mbandakuca, madzi akuzizira, ndiye anangoviikamo zikhatho ndi mapazi.

Luso la Honwana ndi lakuti sakangana ndi anthu amenewa. Amangondandalika mayankho awo ngati mbatatesi pamsika, kuti tione tokha zowola. Mukawaona pamodzi mumazindikira kuti palibe amene akunena za manja. Aliyense akunena za malo amene akufuna kuti munthu wakuda akhale: pansi, kophikira, kumapeto kwa mzere. Kumbukirani kuti lamulo la indigenato linali litangothetsedwa kumene mu 1961. Pansi pa lamulolo, wolembedwa kuti indígena ndiye ankatengedwa kupita ku cibalo, pamene mwana wa bambo wacizungu, bambowo akamulembetsa, sankawerengedwa m'gulu limenelo. Khungu linali ciphaso, ndipo nthabwala za khungu zinkalondera ciphasoco.

Yankho lomaliza ndi la mayi ake a mnyamatayo. Atamva zonse zimene mwana wawo anauzidwa, anaseka mpaka misozi. Kenaka anafotokoza kuti Mulungu anapanga zikhatho za anthu akuda zofanana ndi za ena onse pofuna kuonetsa kuti zocita za anthu zimacitidwa ndi manja ofanana. Atatero anapsompsona manja a mwanayo, akulira.

Apa ndi pamene pali phata. Nthano yonse mnyamatayo akuchula anthu akuda kuti "iwo", ndipo Honwana satiuza khungu lake. Kodi ndi mwana wa banja la assimilado amene sukulu yamuphunzitsa kudziona ngati si mmodzi wa iwo? Kodi ndi mwana wa makolo a mitundu iwiri? Owerenga amasiyana maganizo. Ine ndikuona kuti kubisako ndi dala. Mumafika kumapeto muli ndi cilakolako cofuna kutembenuza manja a mwanayo kuti muone, ndipo pamenepo mumazindikira kuti inunso mwakhala ngati Dona Dores: simukhazikika mpaka mutadziwa khungu la munthu.

Komabe nthanoyi ili ndi malire awiri, ndipo wowerengera ana aziwadziwa.

Oyamba: mwana uja sanapeze yankho lenileni. Mawu a mayi ake amatonthoza mtima, koma safotokoza thupi. Yankho lilipo. Khungu limada cifukwa ca utoto wa m'thupi wochedwa melanini, umene umatiteteza ku dzuwa. Tizigawo ta khungu topanga utotowu tili pafupifupi tofanana kuculuka kwa anthu onse. Cimasiyana ndi kuculuka kwa utoto umene timatulutsa. Khungu lokhuthala la kuzikhatho ndi kunsi kwa mapazi limatulutsa utoto wocepa kwa munthu aliyense, kungoti kwa wakuda kusiyanako kumaonekera msanga. Zimene akuluakulu amati "magazi", asayansi amati majini, osati a mizimu aja, koma timbewu ta cibadwa timene mwana amalandira, theka kwa bambo, theka kwa mayi. Tolamula khungu tilipo tambiri, ndipo timasakanikirana mwanjira ina kwa mwana aliyense. N'cifukwa cake ana a bere limodzi wina amada bii, wina n'kuyererako. Woweta ng'ombe aliyense kuno amadziwa kuti nkhunzi yakuda ndi msoti wakuda zimatha kubala thole lofiira, ndipo palibe amene amakasuma kwa amfumu.

Aciwiri: dziko la m'nthanoyi lili ndi mitundu iwiri yokha, akuda ndi oyera. Tete sinakhalepo conco. Kumadzulo kwathuku, ku Makanga, banja la Caetano Pereira, limene kholo lake linacokera ku Goa, linakwatirana ndi eni dziko n'kulamulira m'zaka za m'ma 1800, mpaka Apwitikizi analigonjetsa mu 1902. M'cigwa ca Zambezi mawu akuti mzungu ankanena mwini prazo ngakhale khungu lake litada. Mlakatuli José Craveirinha, amene analandira mphotho ya Camões mu 1991, anali mwana wa bambo wa ku Portugal ndi mayi wa Cironga, ndipo palibe amene angamulande umwini wa Mozambiki.

Nanga ife eni? Angoni a Maseko atakhazikika pa phiri la Domwe ca m'ma 1870, anali atatola kale anthu a mitundu yambiri pa ulendo wawo wocokera kummwera, ndipo pano anakwatira Acewa. Ana anatenga mfunda wa Cingoni ndi cilankhulo ca amayi awo, cimene tikulemba cino. Amene amavina ngoma lero atanyamula cishango, ambuye ake aakazi mwina anali a Phiri kapena a Banda. Malire a 1891 anadula mabanja omwewo pakati, ena ku Dedza ndi Ntcheu, ena kuno. Wofuna magazi osasakanikirana pa Domwe adzafufuza mpaka imvi.

Tsono tisamawerenge Honwana ngati mlandu wa Apwitikizi okha. Nafenso tili ndi mayankho athu a Senhor Frias. Khanda likabadwa loyera, anthu amayamba kunong'ona za mwini sitolo, kuiwala kuti makanda ambiri amabadwa oyererako n'kumada pakapita miyezi. Mwana wa makolo a mitundu iwiri timamuitana kuti mkaladi kapena mulato ngati alibe dzina. Mwana wacialubino akabadwa, mlandu umagwera mayi yekha, pamene cialubino cimaoneka pokhapokha bambo ndi mayi onse awiri atapereka kambewu kake, ngakhale onse ali akuda. Mabodza onena za matupi a anthu amenewa ndi amene anaphetsa abale athu ku Malawi ndi ku Mozambiki m'zaka za 2015 ndi 2016. Khungu likamaticititsa khungu, ovulala ndi amayi ndi ana.

Mwambi umati make mbuu, mwana mbuu, ndipo ndi zoona kuti mwana amatengera. Koma amatengera kwa anthu ambiri, ena oti manda awo sitiwadziwa n'komwe. Nthano ya Honwana ndi yofunika kuiwerenga, ndipo ndi yofunika kuimasulira m'Cinyanja kuti imveke pabwalo. Wowerengayo akafika pa misozi ya mayi uja asatseke buku msanga. Awauze ana zimene mnyamata uja sanauzidwe, kenaka afunse akuluakulu kuti m'mudzi muno ndi mayi uti anacoka pa banja cifukwa ca khungu la mwana wake.