Nsapato za ballet sizifuna phuma

Munthu wa kwa Mwadzama sachita kuuzidwa kuti gule wovinira m'mwamba ndi wovuta. Makanja akatulukira pabwalo, ana amayang'ana kumutu uko kwapitirira denga, koma akuluakulu odziwa gule maso awo amakhala pansi: akuona mmene mwendo ukuterera ndi mmene chiuno chikugwirira thupi lonse ng'oma ikasintha mwadzidzidzi. Za kudambwe tizisiye kudambwe. Chooneka ndi maso n'chakuti Gule Wamkulu, amene UNESCO idamuika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2005, satulutsa pabwalo chinthu chosapsa, ndiponso bwalolo limakhala pouma, osati pamchenga wa kunyanja pomwe mwendo ungatitimire. Nzeru yomweyi ndiyo ikufunika pa gule wachizungu wa ballet, amene ana athu ayamba kumusirira pa foni, makamaka akaona atsikana ataima pa nsonga za zala.

Kavinidwe kameneka kadatchuka mu 1832 pamene Marie Taglioni adavina La Sylphide ku Paris. Nsapato ya kavinidweka ya masiku ano kunja ndi nsalu yonyezimira, koma kutsogolo kuli kabokosi kolimba ka nsalu ndi mapepala zomatidwa ndi guluu, ndipo kunsi kwa phazi kuli kachidutswa kouma kochirikiza. Thupi lonse limatsamira pa kamalo kosakwana chikhatho cha khanda. Phazi lili ndi mafupa 26, ndipo mwa mwana nsonga za mafupawo zimakhala zikadali zanthete, zikukula. N'chifukwa chake malangizo a mu 2009 a bungwe loona za umoyo wa ovina la IADMS amati mwana asayambe kuima pa nsonga za zala asanakwane zaka 12, akhale ali m'chaka chachinayi cha maphunziro, ndipo azikhala akuphunzira kosachepera kawiri pa sabata. Komabe zaka pazokha si chiphaso. Mtsikana wa zaka 14 amene akanyamuka ndi mwendo umodzi akakolo ake amagwera kunja, bondo n'kulowa mkati, sanafike. Kwa ine, mphunzitsi waluso amadziwika ndi kutalika kwa nthawi imene angathe kumana mwana nsapatozi, uku akumulimbitsa msana, mimba ndi chiuno.

Ena anganene kuti mwana wa kunyanja, wokulira pamchenga wopanda nsapato, ali ndi mapazi olimba kale, ndiye kudikiraku n'kwa ana a azungu. Mfundoyi ili ndi kachoonadi kake, pakuti kuyenda chosavala kumagwiritsadi ntchito minofu ya phazi. Koma chikakala cha kuphazi si fupa lokhwima, ndipo mchenga suphunzitsa ntchafu kutembenukira kunja kuchokera m'chiuno. Enanso amaopa kuti mwana wamphatso akachedwa mwayi umupitirira. Koma Anthony Madu wa ku Lagos adadziwika dziko lonse mu 2020 akuvina pamvula wopanda nsapato n'komwe. Chimene anthu adaona chinali thupi lophunzitsidwa kudzigwira. Mphatso siola m'zaka ziwiri, pamene bondo lovulala limatha kumutsata munthu mpaka ukalamba.

Ngozi yeniyeni kwathu kuno ndi yotchipa. Nsapato yopezeka pa kaunjika imaoneka bwino, koma n'chikomekome cha mkuyu: kabokosi kadafewa ndi thukuta la mwini wake woyamba, ndipo kadaumbika motsata phazi la wina. Onjezerani simenti ya m'makalasi ndi m'maholo athu, imene sibweza kugunda kwa phazi ngati mmene amachitira matabwa, ndiye kuti mwaika mwana pa msampha. Pomwe palibe mphunzitsi wodziwa kuyeza phazi, mwana avine ndi nsapato zofewa kapena chosavala, ndipo palibe chimene wataya. Makolo, mwana akakupemphani nsapato zoimira pa zala, yambani mwafunsa amene adzamuyeze ndi pomwe adzavinire.