Mbuzi imodzi ikugula chimanga chochuluka bwanji?

M'madera ouma a dziko la Kenya, chilala amachiyeza ndi funso limene wogulitsa aliyense pamsika angayankhe: munthu akagulitsa mbuzi imodzi lero, agula makilogalamu angati a chimanga? Bungwe la boma la National Drought Management Authority, limene linakhazikitsidwa mu 2011, limafunsa funsoli mwezi ndi mwezi m'zigawo 23 zosowa mvula.

Funsoli ndi lalifupi koma lanyamula zambiri. Msipu ukauma mbuzi imaonda, mtengo wake n'kutsika. Eni ziweto amathamangira kumsika nthawi imodzi, mtengowo n'kutsikiratu, pomwe chimanga chikukwera chifukwa chasowa. Nambala imodzi yomweyo ikunena za thanzi la ziweto, za msika, ndiponso za mphamvu ya banja yogulira chakudya. Mvula ingachepe mofanana m'zigawo za Turkana ndi Kitui, koma banja la ku Turkana limadalira ziweto pomwe la ku Kitui limalimanso. Chipangizo choyezera mvula sichiona kusiyana kumeneku.

Olemba mayankho a bungweli amayendera mabanja m'midzi yosankhidwa. Amafunsa malita a mkaka amene akamidwa, mtunda wokatunga madzi ndi wokamwetsa ziweto, n'kuyeza mkono wa ana osakwana zaka 5 ndi kalamba kamitundu. Akuofesi amaphatikiza zimenezi ndi zithunzi za setilaiti zoonetsa kubiriwira kwa msipu.

Luso lenileni lili pa kayerekezedwe. Chigawo chilichonse amachiyerekeza ndi mbiri yake yomwe, mmene chimakhalira mwezi ngati womwewo pa zaka zambiri zapitazo. Mtunda umene anthu a ku Wajir anauzolowera, kwina ndi chizindikiro choti zinthu zafika poipa. Akadziwa mmene dera lapatukira pa chizolowezi chake, amaliika pa limodzi mwa magawo 5: kuli bwino, chenjezo, zavuta, ngozi, kapena kuchira. Apo m'pamene zigawo zosiyana kwambiri zingaikidwe pamzere umodzi popanda kupondereza china.

Muyesowu suthera papepala. Ku Turkana, Marsabit, Mandera ndi Wajir, pulogalamu ya Hunger Safety Net Programme inalemberatu mabanja, ndipo zithunzi zikasonyeza kuti msipu wauma kwambiri, ndalama zimapita kwa mabanja owonjezera pa amene amalandira kale, asanagulitse ziweto zonse. Muyeso wabwino wa chilala ndi umene umafulumizitsa thandizo khola lisanatheretu.