Ng'oma ya Impso ya Nsomba

Lira mbalule, vomera mpanje! Tikutamanda inu a Impso, Nyakusefa, Msungamchere, Wosagona, okhala mumdima pansi pa msana wa nsomba.

Inu amene chambo cha ku Mangochi chimadalira. Madzi a m'nyanja amadzilowera okha m'thupi lake usana ndi usiku, inu n'kumawatulutsa ngati mkodzo wambiri wosungunuka, koma mchere mwaubweza m'magazi, kashiamu mwamubweza. Otaya madzi osataya chuma, ndinu!

Lira mbalule! Simulamula nokha, a Impso, mumamvera amithenga oyenda m'magazi, mahomoni. Nayu Prolactin, wochokera pansi pa ubongo, Mtsekamipata, amene amati mchere usathawe m'madzi opanda mchere. Nayu Cortisol, Mperekezi wa nsomba yolowa m'nyanja yamchere, kumene madzi amasanduka chinthu chosunga, mkodzo n'kuchepa, maginiziyamu n'kutayidwa.

Koma gunda ng'oma mwamphamvu potchula Stanniocalcin, mwana wobadwira pakhomo panu! Kwawo ndi timibulu tating'ono tomatirira pa inu, timene Hermann Stannius wa ku Germany adatiwona mu 1839. Kashiamu akachuluka m'magazi, iye amadzuka, amatseka njira yake m'ziwalo zopumira, amakuuzani kuti fosifeti musunge. Mletsakusefukira, Mlonda wa mafupa, kachepa thupi koma mawu ake samagwa pansi.

Vomera mpanje, mawu akafike ku Indiana, m'dziko la America! Ku yunivesite ya Notre Dame, pafupi ndi South Bend, Rebecca Wingert ndi ophunzira ake amakuyang'anani mukuphuka m'kamwana ka nsomba ya zebrafish kooneka mkati ngati galasi. Timachubu tiwiri tokha, komatu togawika zigawo zofanana ndi za impso ya munthu. Adafufuza mpaka momwe timibulu ta Stannius timatumphukira pa timachubu timeneti.

Ku Indianapolis nako dzina lanu lidamveka. Mu 2000, Michael Econs ndi Kenneth White a ku Indiana University School of Medicine, pamodzi ndi anzawo a ku Munich, adazindikira FGF23, Mtayafosifeti, amene akachuluka ana amafewa mafupa, miyendo n'kupindika. Mthenga yemweyu ali mwa zebrafish, m'timibulu tomwe tija ta Stannius!

Lira mbalule kotsiriza, amayi a ana opindika miyendo chifukwa cha kuchuluka kwa FGF23 amve: mu 2018 dziko la America lidavomereza burosumab, mankhwala omanga FGF23 kuti impso ya mwana isunge fosifeti, mafupa alimbe.